Kodi wodwala ali ndi ufulu wolandira zimene pacemaker yake yalemba?

Mwana wachisamba, Chipata:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka kwa inu amene mumagwira ntchito m'zipatala ndiponso amene mumadziwa malamulo a dziko lathu, chifukwa funso langa likukhudza mbali ziwiri zonsezi.

Atate anga ali ndi zaka 71, ndipo zaka ziwiri zapitazo madokotala ku Lusaka anawaika pacemaker, kachipangizo kaja kamene kamakhala pansi pa khungu m'munsi mwa phewa kuti kazithandiza mtima umene ukugunda mochedwa. Kumudzi amangokatchula kuti batire. Chiyambire nthawi imeneyo, miyezi 6 iliyonse timakwera basi ya m'bandakucha, kuyenda makilomita pafupifupi 570 pa Great East Road, kugona kwa achibale, ndipo m'mawa mwake kukakhala pamzere. Tikalowa, katswiri amaika kanthu kozungulira pachifuwa pa atate, kolumikizidwa ku makina ooneka ngati kasutikesi, ndipo pagalasi pamatuluka mizere ndi manambala ambirimbiri. Kenako makinawo amatulutsa pepala lalitali, pepalalo limalowa m'fayilo, ndipo ife timauzidwa kuti zonse zili bwino, tidzabwerenso. Ulendo wa masiku atatu umathera pa mphindi zochepa zimenezo, ndipo chimene timabwerera nacho ku Chipata ndi tsiku lodzapitanso, lolembedwa pa kakhadi.

Sindinkaona vuto lililonse ndi zimenezi mpaka mwezi wathawu, pamene atate anachita chizungulire n'kugwa ali kudimba. Tinathamangira nawo kuchipatala chapafupi, ndipo dokotala amene anatilandira, munthu wodekha ndithu, anandifunsa mafunso amene anandichititsa manyazi. Anafuna kudziwa liwiro limene kachipangizoko kanatcheredwa, ngati mtima wa atate umadalira kachipangizoko nthawi zonse kapena mwa apo ndi apo, ndiponso zimene akatswiri anapeza zokhudza batire pa ulendo womaliza. Ine, mwana wawo woyamba amene ndapita nawo ku Lusaka kanayi, ndinalibe yankho ngakhale limodzi. Tinali ndi khadi la kampani lokha, limene lili ndi dzina la chipangizocho ndi tsiku limene anachiika. Pambuyo pake zinaoneka kuti vuto linali la mankhwala a BP amene anawatsitsa magazi mopitirira, ndipo tsopano akupeza bwino, koma usiku umenewo sitinkadziwa ngati batire ndilo lafooka kapena ayi.

Funso langa ndi ili. Pepala lija limene makina amatulutsa, ndiponso zonse zimene kachipangizoko kamasunga zokhudza kugunda kwa mtima wa atate usana ndi usiku, mwini wake ndani? Kodi ndi chipatala, kampani imene inapanga chipangizocho, kapena atate eni mtima? Ngati tili ndi ufulu wolandira kope, kodi timapempha kwa yani, ndiponso mwa njira yotani kuti asatione ngati anthu okayikira ntchito ya madokotala amene anapulumutsa moyo wa kholo lathu? Atate eni ake akuti tisavutitse anthu, poti odziwa ndi iwowo. Ine mtima wanga sukuvomera.

Namwino wopuma, Katete:

Bambo, pepani chifukwa cha mantha amene munaona usiku umenewo, ndipo musadziimbe mlandu, chifukwa pa zaka zoposa 30 zimene ndinagwira ntchito m'zipatala za chigawo chino ndinakumana ndi mabanja ambiri amene anali ngati inu.

Ife tinaphunzitsidwa kuti fayilo ndi katundu wa chipatala, ndipo zimenezo n'zoona: simunganyamule fayilo n'kupita nayo kwanu. Koma zolembedwa m'fayilomo zikunena za thupi la munthu, ndipo munthuyo akapempha kuziona kapena kulandira kope sakupempha chinthu chachilendo. Taganizirani khadi la sikelo la ana osakwana zaka zisanu. Mayi aliyense amalisunga yekha, amapita nalo kulikonse kumene wasamukira, ndipo namwino amene sanamuonepo mwanayo amadziwa msanga katemera amene analandira ndi mmene thupi lake lakhala likukwerera. Anzathu a kutsidya kwa malire a Mwami, ku Malawi, amayenda ndi kabuku kawo ka kuchipatala m'thumba, akulu ndi ana omwe. Palibe amene amati mayi wosunga khadi la mwana akukayikira anamwino. Zimandidabwitsa kuti chipangizo chikakhala chodula ndiponso chochokera kunja, timayamba kuganiza kuti zotuluka m'menemo n'zosayenera anthu wamba.

Ndikuuzeni chifukwa chimene dokotala wa kuno sakanatha kudziwerengera yekha. Makampani akuluakulu opanga zipangizo zimenezi ndi Medtronic, Abbott, Boston Scientific ndi Biotronik, ndipo kampani iliyonse ili ndi makina akeake owerengera ndi kutchera zipangizo zake. Makina a kampani imodzi sangatchere chipangizo cha kampani ina. Chipatala chimene chilibe makina oyenerawo chingathe kujambula ECG n'kuona ngati mtima ukugunda pa liwiro loyenera pa nthawi imeneyo, koma sichingaone zimene zinachitika dzulo usiku kapena mphamvu imene yatsala m'batire. Zimene zili m'kachipangizoko sizisamukira zokha m'kompyuta ya chipatala cha kuno, ngakhale wodwalayo ali ndi khadi la SmartCare, lija losungira mbiri ya wodwala pakompyuta m'zipatala za Zambia. Pamafunika munthu woti azilembe kapena pepala loti wodwala anyamule. N'chifukwa chake kwa munthu wokhala ku Chipata, Chadiza kapena Chama pepala limeneli ndi lofunika kwambiri kuposa mmene lilili kwa munthu wokhala pafupi ndi akatswiriwo.

Pa pepalapo pali zinthu zambiri, koma zimene dokotala wa kuno angafune kuona mwamsanga n'zowerengeka. Pamakhala liwiro lotsikitsitsa limene chipangizocho sichilola mtima kutsika kupitirira pamenepo, ndipo kwa anthu ambiri limakhala 60 pa mphindi. Pamakhala peresenti yosonyeza kuchuluka kwa nthawi imene chipangizocho chimagunditsa mtima, imene imathandiza kuona ngati wodwala amachidalira kwambiri. Pamakhala zaka kapena miyezi imene akuyerekeza kuti batire latsala nayo, ndiponso manambala osonyeza ngati mawaya opita mumtima ali bwino. Chinanso chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti chipangizocho chimalemba tsiku ndi ola limene mtima unagunda mosokonekera. Kusokonekera kwina, kumene madokotala amati atrial fibrillation, kumawonjezera ngozi ya sitiroko, ndipo dokotala akadziwa kuti kunachitika amaganizira zopereka mankhwala oletsa magazi kuundana. Mukuona kuti si nkhani yongofuna kudziwa chabe.

Ogwira ntchito akamazengereza kupereka, kawirikawiri si nkhanza. Panja pamakhala mzere wautali, mapepala a makinawo amasowa, ndipo ena amaopa kuti wodwala akaona nambala imene sakuimvetsa adzalephera kugona kapena adzasiya mankhwala. Mantha omalizawa ndimawamvetsa, chifukwa ndinaonapo munthu akulira ataona mawu pa lipoti amene kwa ife anali wamba. Koma mankhwala a vuto limeneli ndi kufotokoza, osati kubisa.

Chimene muyenera kusamala nacho n'chakuti wopempha akhale atate anu eni ake. Inu ndinu mwana wawo, koma ufuluwo ndi wawo, ndipo wogwira ntchito amene angakane kukupatsani inuyo popanda chilolezo chawo akhala akuchita bwino. Apemphe asanayambe kuyezedwa, osati pamene wodwala wina walowa kale, ndipo anene chifukwa chake mosabisa: timakhala kutali, ndipo dokotala wa kwathu anatifunsa zinthu zimene tinalibe. Ngati mapepala palibe, pemphani chilolezo chojambula pepala la m'fayilo ndi foni. Ndiwonjezere kuti chizungulire kapena kukomoka kwa munthu wa pacemaker si chinthu chodikira nacho pepala. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo monga munachitira.

Wophunzira malamulo, Lundazi:

Amayi a ku Katete afotokoza bwino mbali ya chipatala, ndipo ine ndiwonjezerepo za lamulo, chifukwa zimene iwo akuzitcha chizolowezi chabwino tsopano zinalembedwa m'malamulo a Zambia.

M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Data Protection Act, nambala 3 ya chaka chimenecho. Lamuloli limateteza chilichonse cholembedwa kapena chosungidwa chimene chikunena za munthu wodziwika, ndipo zokhudza thanzi limaziika m'gulu la zinthu zofunika kuzisamala mwapadera. Limapatsa munthu ufulu wofunsa aliyense amene akusunga za iye, kaya ndi chipatala cha boma, cha mishoni kapena kampani, ngati alidi nazo, chifukwa chimene akuzisungira ndiponso anthu amene akupatsidwa. Limamupatsanso ufulu woziona ndi wopempha kuti zolakwika zikonzedwe. Linakhazikitsanso ofesi ya Data Protection Commissioner, kumene munthu angakadandaule ngati wakanizidwa popanda chifukwa. Musalisokoneze ndi lamulo la Access to Information limene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu December 2023, chifukwa limenelo cholinga chake chachikulu ndi kutsegula nkhani za mabungwe a boma kwa anthu onse, pamene inu mukufuna zinthu zachinsinsi za munthu mmodzi. Kugunda kwa mtima wa atate anu, kolembedwa pamodzi ndi dzina lawo ndi nambala ya chipangizo chawo, n'kwa iwo mosakayikitsa. Choncho lembani kalata yaifupi yopita kwa mkulu wa chipatala kapena wa gawo la mtima, atate asaine, ndipo musunge kope lake. Ndikulangizani kuti kalatayo ikhale m'thumba monga chinthu chachiwiri. Yambani ndi pempho la pakamwa monga Amayi anenera, chifukwa munthu amene wayamba ndi kutchula lamulo amatsekereza makomo amene akanatseguka ndi moni.

Komabe, funso lanu lili ndi mbali ina yovuta, ndipo pamenepa mpamene dziko lonse lakhala likukangana. Pepala limene makina amatulutsa ndi chidule chabe. Zimene chipangizocho chimasonkhanitsa n'zambiri kuposa pamenepo, ndipo zimasungidwa m'njira imene pulogalamu ya kampani yokha ndiyo ingamasulire. M'mayiko amene odwala amapatsidwa kamakina koika pafupi ndi bedi, kamene kamatumiza zonse usiku kudzera pa intaneti, uthengawo umapita choyamba ku makompyuta a kampani, kenako kwa dokotala, ndipo mwini mtima ndiye amakhala womaliza kumva. Munthu amene anatchuka polimbana ndi zimenezi ndi Hugo Campos wa ku California, amene mu 2007 anaikidwa chipangizo chotchedwa ICD, chimene chimamenya mtima ndi magetsi ukayamba kugunda moopsa. Iye ankafuna kuona zimene chipangizocho chinkalemba kuti adziwe zinthu zimene zimayambitsa vuto lake, koma anapeza kuti alibe njira yozifikira, ndipo anakhala zaka zambiri akulankhula poyera za nkhaniyi. Lamulo la ku America la 1996 lotchedwa HIPAA linkamupatsa ufulu woona zimene dokotala wake wasunga, koma silinalembedwe poganizira kampani imene ili ndi zambiri kuposa dokotalayo.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono. Mu 2015 boma la America linalola kuti odwala azitenga okha uthenga wochokera m'zipangizo za m'thupi mwawo popanda kuimbidwa mlandu wophwanya malamulo a umwini wa mapulogalamu. Mu 2017 bungwe la FDA, limene limayang'anira mankhwala ndi zipangizo kumeneko, linanena momveka kuti makampani angathe kupereka uthenga wotere kwa wodwala amene waupempha, ngakhale silinawakakamize. Ku Ulaya lamulo la GDPR linayamba kugwira ntchito mu May 2018, ndipo limapatsa munthu ufulu wolandira kope la zimene ena akusunga za iye. Malamulo amenewa ndi a kumeneko ndipo sagwira ntchito ku Chipata, koma ndawatchula kuti muone kuti funso lanu si la munthu wovuta. Anthu okhala pafupi ndi mafakitale omwewo analifunsanso.

Makampani amapereka chifukwa cha chitetezo, ndipo si chifukwa chabodza. Mu 2017 ma pacemaker pafupifupi 465,000 a kampani ya Abbott ku America anafunika kukonzedwa pulogalamu chifukwa zinapezeka kuti munthu wa zolinga zoipa akanatha kuwasokoneza ali chapatali. Palibe amene angafune kuti chipangizo cha mumtima chizitseguka kwa aliyense amene ali ndi foni. Koma maganizo anga ndi akuti tizisiyanitsa zinthu ziwiri. Kusintha matcheredwe a chipangizo ndi ntchito ya katswiri, ndipo khomo limenelo liyenera kukhala lokiya. Kuwerenga zimene chalemba kale sikusintha kanthu mumtima mwa munthu. Amene amagwiritsa ntchito chifukwa choyamba pokaniza chachiwiri akusakaniza nkhani.

Pali nkhani ina imene imandikhalabe m'mutu. Mu 2016 nyumba ya munthu wina inapsa ku Middletown, m'chigawo cha Ohio, ndipo apolisi, pomukayikira kuti anaitentha yekha, anatenga chilolezo cha khoti n'kuwerenga pacemaker yake kuti aone mmene mtima wake unkagundira pa nthawi ya motowo. Chaka chotsatira woweruza analola kuti zimenezo zigwiritsidwe ntchito ngati umboni. Ndiye kuti zimene wodwala amavutika kuti azione, ena angathe kuzipeza n'kumuzenga nazo mlandu. Ngati zili zokwanira kuimika munthu pamaso pa woweruza, sindikuona mmene tinganenere kuti mwini wake sayenera kuzidziwa.

Kwa inu, Bambo, nkhondo ya uthenga wonse wa m'kati mwa chipangizo si ya lero, ndipo kutsata kampani imene likulu lake lili kutsidya kwa nyanja ndi ntchito ya boma ndi mabungwe monga ZAMRA, amene amayang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala zolowa m'dziko muno. Chimene chili pafupi ndi dzanja lanu ndi lipoti la ulendo uliwonse. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tengani limenelo choyamba.

Mayi wa shuga, Petauke:

Ine ndilibe batire mumtima, koma ndakhala ndi matenda a shuga kwa zaka 12 ndipo ndimadzibaya insulin, choncho nkhani ya manambala a thupi langa ndimakhala nayo tsiku lililonse. Ndikugwirizana ndi onse amene alankhula, koma ndikufuna kuwonjezera zinthu ziwiri zimene munthu amazidziwa pokhapokha manambalawo akafika m'manja mwake.

Kwa zaka zambiri ndinkayezedwa kuchipatala kamodzi pamwezi, m'mawa ndisanadye, ndipo nambala imodzi imeneyo ndiyo inkaweruza mwezi wonse. Kenako mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg ananditumizira kachipangizo komata pamkono, kamene kamakhala masiku 14 n'kumayeza shuga usana ndi usiku, manambala ake n'kumaoneka pa pulogalamu ya pafoni. M'sabata yoyamba ndinaona chinthu chimene palibe anachidziwa: cha m'ma 3 koloko usiku shuga wanga ankatsika kupitirira 3.9, malire amene madokotala amati munthu wayamba kulowa m'ngozi. Kutuluka thukuta ndi maloto oipa zimene ndinkati n'kutentha kwa nyumba zinali zimenezo. Ndinapita ndi foni kwa dokotala, anaona mzerewo, n'kuchepetsa insulin ya madzulo. Ndikanakhala kuti sindinaone ndekha, sindikanadziwa choti ndikamuuze. Ndinamvanso za Dana Lewis wa ku America, amene ankaopa kufa m'tulo chifukwa belu la chipangizo chake silinkamudzutsa, ndipo atapeza njira yotulutsira manambalawo anadzipangira belu lofuula kwambiri, ntchito imene mu 2015 inakula n'kukhala OpenAPS, njira yothandiza makina opopera insulin kusintha okha mlingo wake potengera shuga wa munthu. Ine sindingapange zotero, koma mantha ake a usiku ndimawadziwa.

Chinthu choyamba n'chakuti nambala yopanda wokufotokozera ingakuvulaze. Kamakina kena koyezera pachala kamene ndinagula kankaonetsa 126, pamene ine ndinazolowera manambala ngati 6 kapena 7, ndipo ndinatsala pang'ono kudzibaya insulin yowonjezera chifukwa cha mantha. Mwamwayi ndinayamba ndafunsa, ndipo anandiuza kuti pali miyezo iwiri: kuno timagwiritsa ntchito mmol/L, pamene makina ena amawerenga mu mg/dL, ndipo kuti upeze nambala yathu umagawa ndi 18. Ndiye kuti 126 uja anali 7 yemweyo. Walira mvula walira matope. Mukalandira pepala la atate anu, Bambo, musatuluke m'chipindamo katswiriyo asanakuonetseni ndi chala mizere itatu kapena inayi yofunika, ndipo musapite nalo kwa munthu wapamsika amene amati amadziwa zonse.

Chachiwiri n'chimene chimandikhudza kwambiri. Pulogalamu ya pafoni ija anaitsegula ndi mwana wanga, ndipo anaikonza kuti manambala anga azifikanso kwa iye. Poyamba ndinkasangalala. Koma tsiku lina ndili pa ukwati ku Nyimba, nditangodya nsima ndi kumwa kapu ya thobwa, foni inalira, ndipo anali iye kundifunsa chimene ndadya. Nyengo ya mango inasanduka nyengo ya milandu. Mlamu wanga anayamba kudziwa za shuga wanga ndisanamuuze. Ndinamukhazika pansi mwanayo pa foni n'kumuuza kuti ndine mayi wake, osati mwana wa sikelo, ndipo tinagwirizana kuti azilandira chenjezo pokhapokha shuga akatsika moopsa. Amandikonda, ndipo sindikumunena. Ndikungofuna kuti muone kuti ufulu woona umayendera limodzi ndi ufulu wosankha amene aone. M'mabanja mwathu foni imodzi imagwiridwa ndi anthu asanu, ndipo chithunzi chikalowa m'gulu la WhatsApp la banja sichibwereranso. Mwanena kuti atate anu akuti musavutitse anthu. Mwina ndi ulemu chabe wa anthu a msinkhu wawo kwa madokotala, koma mwinanso sakufuna kuti ana ndi apongozi azikambirana zaka zimene batire lawo latsala nazo. Afunseni bwinobwino muli awiri.

Mwana wachisamba, Chipata:

Zikomo kwambiri nonse atatu. Amayi a ku Petauke, mawu anu anandilasa, chifukwa kunena zoona ndinali nditaganiza kale zotumiza chithunzi cha pepalalo kwa abale anga onse tikangolilandira.

Dzulo madzulo ndinakhala pansi ndi atate n'kuwawerengera zimene mwalemba. Anakhala chete kwa nthawi, kenako anandiuza kuti chimene chimawavutitsa si madokotala ayi, koma batire. Pa tsiku la opaleshoni anamva kuti mabatire amenewa amatha pakapita zaka, ndipo chiyambire pamenepo akhala akuwerenga okha mumtima, osauza aliyense, poganiza kuti tsiku lina lidzangozima ngati tochi iwo ali kumunda. Sankafuna kufunsa chifukwa ankaopa yankho. Nditawauza kuti makina aja amaonetsa nthawi imene yatsala, ndiponso kuti n'chifukwa chake amatiitana miyezi 6 iliyonse, anati ngati zili choncho akufuna kuona nambalayo ndi maso awo.

Tagwirizana kuti pa ulendo wotsatira adzapempha okha, ine ndili pambali. Kalata ndalemba ndipo asaina, koma idzakhala m'thumba monga mwalangizira, Bambo a ku Lundazi. Anenanso kuti pepalalo lidzakhala m'chikwama chawo pamodzi ndi chitupa chawo cha NRC ndi khadi la chipangizo, ndipo wololedwa kulijambula ndine ndi mlongo wanga amene amakhala nawo, basi. Amayi a ku Katete, kodi pali china chimene tiyenera kukonzekera tisananyamuke?

Namwino wopuma, Katete:

Atate anu muwatsimikizire kuti batire limeneli silizima mwadzidzidzi ngati tochi. Limafooka pang'onopang'ono, ndipo likafika pa mlingo wina chipangizocho chimalemba chizindikiro chakuti nthawi yosintha yakwana pakadali miyezi ingapo yoti chigwirebe ntchito. Chofunika n'kusadumpha masiku oyezedwa, ndipo batire likayandikira kumapeto akatswiri amayamba kuitana wodwala pafupipafupi. Posintha amachotsa kabokosi kokha, ndipo mawaya akakhala bwino amawasiya momwemo.

Nyamulani mankhwala onse amene akumwa, m'mapaketi ake, ndipo mukanene za kugwa kuja pamodzi ndi tsiku ndi ola lake, kuti katswiri akayang'ane ngati chipangizocho chinalemba kanthu pa nthawi imeneyo. Pepala limene makina ambiri otere amatulutsa ndi la mtundu wa malisiti a m'sitolo, limene limafufutika likakhala padzuwa kapena pamalo otentha. Musaliike pawindo la basi, ndipo mukalijambulitse pa fotokope musanachoke mu Lusaka, makope awiri, limodzi la m'chikwama cha atate ndi lina loti likalowe m'fayilo yawo kuchipatala cha kwanu.